Mvula ikagunda pa malata mtima wanga umathawa: kodi kukhala chete n'kumamvetsera mpweya wanga ndi tchimo?

Nagama (Chilobwe): Abale anga a pagulu pano, uthenga uwu ndaulemba n'kuufufuta katatu, koma lero ndingoutumiza basi. Ena mukudziwa kuti mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope anakokolola nyumba ya mng'ono wanga, iye ndi mwana wake ali momwemo. Kuyambira pamenepo, mvula ikangoyamba kugunda pa malata usiku, mtima umathamanga ngati ndapirikitsidwa ndi galu, m'manja thukuta lokhalokha, ndimadzutsa ana kuti avale nsapato tikhale okonzeka kuthawa. Chilimwe ndimapezako bwino. Koma Okutobala uyu wafika, mitambo yayamba kusonkhana, tulo tayamba kale kundithawa.

Kupemphera ndimapemphera. Kusala ndasala kawiri, masiku atatuatatu, osalawa ndi madzi omwe. Mlamu wanga wa ku UK wanditumizira kapulogalamu ka pafoni koti ndizikhala chete mphindi 10, n'kumangomvetsera mpweya wanga ukulowa ndi kutuluka. Akuti meditation. Dzana apongozi anandipeza ndakhala pamkeka nditatsinzina, foni ikuyankhula chapansipansi, ndipo akuti ndayamba za satana. Ndithandizeni. Ndine Mkhristu, sindikufuna kulakwira Mulungu, komanso ndatopa.

Bambo Phiri (mkulu wa mpingo, Ntcheu): Pepani kwambiri mayi Nagama ndi zimene zinakugwerani. Koma apongozi anu musawaone ngati osazindikira. Baibulo limatiuza kusinkhasinkha, inde, onani Yoswa 1:8 ndi Salimo 1, koma ndi kusinkhasinkha mawu a Mulungu. Mutu umadzazidwa ndi mawu. Izi zabwerazi akuti mutu ukhale wopanda kanthu. Pa Mateyu 12 Ambuye anakamba za mzimu woipa umene unabwerera n'kupeza nyumba ili yosesedwa, yopanda mwini, ndipo unakatenga anzake asanu ndi awiri. Nyumba yopanda munthu imalowa mileme. Fufutani kapulogalamuko.

Anambewe (Leeds): Bambo Phiri, mwaulemu wonse, palibe amene amati mutu ukhale wopanda kanthu. Mutu wa munthu wamoyo sungakhale mbee. Amangoti ganizo likabwera, ulione kuti labwera, usalithamangire, ubwererenso pa mpweya wako. Kuno achipatala cha boma, a NHS, amapereka maphunziro amenewa kwa anthu amene matenda okhumudwa amangowabwererabwerera. Ine ndinachita nawo masabata 8 nditafika pongolira ndekha m'basi pochokera kuntchito ya usiku. Sindikana kuti gwero lake ndi Chibuda. Amene anazibweretsa kuchipatala ndi Jon Kabat-Zinn, ku Massachusetts mu 1979, ndipo anaphunzira kwa aphunzitsi a Chibuda. Koma m'kalasi mwathu munalibe fano, munalibe kugwadira wina aliyense. Tinali ndi mayi wina wa ku Nigeria amene ankayamba ndi pemphero lake chamumtima, mphunzitsi analibe nazo vuto.

Bambo Phiri: Ndiye mwavomera nokha kuti muzu wake ndi wachilendo. Mtengo umabala molingana ndi muzu wake.

Mfana wa ku Joni: Akulu, nanga chimanga chinachokera kuti? Si ku Mexico? Koma nsima timaidalitsa tsiku ndi tsiku 😂

Bambo Phiri: Iwe mnyamata, nkhani ya maliro a anthu si yoseketsa.

Mfana wa ku Joni: Pepani bambo, pepaninso mayi Nagama. Sindimaseka inu. Ndiye ndinene zoona zanga. Achimwene anga anadwala mutu mu 2019, kuchipatala anawapatsa mankhwala, anakhala bwinobwino mpaka kubwerera pa geni yawo ya kaunjika. Kenako mneneri wina, dzina sinditchula, anawauza kuti kumwa mapiritsi ndi kukayikira Mulungu. Anawataya m'chimbudzi. Sabata yonse anali kuphiri, usiku ovanaiti, masana kusala. Potsika kumeneko ankayankhula osalekeza, akuti atumidwa kukagula Limbe yense. Tinachita kuwamanga ndi chingwe cha mbuzi kuti tiwakweze galimoto, chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimachita manyazi. Anakhala ku Zomba mwezi ndi theka. Pano akumwa mankhwala awo ndipo amaimba besi mu kwaya. Ndiye ine ndikamva munthu wosagona akuuzidwa kuti asale kudya, magazi amandiwira.

Namwino Nankhoma: Ndinali pa ntchito, ndangowerenga zonse tsopano. Ndine namwino wa matenda a maganizo, choncho ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Mayi Nagama, sindingakuyezeni pafoni, koma zimene mwafotokozazi timaziona kawirikawiri kwa anthu amene anaona zoopsa: ngozi ya pamsewu, achifwamba, kugwiriridwa, madzi osefukira. Achipatala timati PTSD. Ubongo uli ndi mlonda wake. Usiku uja mlonda wanu anaphunzira kuti phokoso la mvula ndi imfa, ndipo mpaka lero akangolimva amaimba likhweru, osafunsa kaye ngati ndi mvula yodzalira kapena namondwe. Likhweru lija ndi limene limathamangitsa mtima ndi kutulutsa thukuta. Si kuchepa kwa chikhulupiriro, si misala, ndipo chithandizo chake chilipo.

Za kusala masiku atatu osamwa madzi, ndikupempheni muyambe mwaimika. Thupi likauma ndiponso shuga akatsika, mtima umagunda kwambiri, munthu amanjenjemera, tulo timavuta. Ndiye kuti mukuwonjezera zomwezo zimene mukupempherera kuti zichoke. Zimene wanena mchimwene wa ku Joni n'zoonanso: kwa anthu ena amene ali ndi matenda osinthasintha mtima, kuchezera usiku masiku angapo motsatizana kumadzutsa matendawo.

Kupuma pang'onopang'ono kumathandiza pa chifukwa cha m'thupi momwemu. Pali mtsempha wochokera ku ubongo kutsikira kumtima ndi m'mimba, timautcha vagus, umene umagwira ntchito ngati buleki. Mukamatulutsa mpweya mochedwa kuposa mmene mwaukokera, buleki ija imagwira, mtima umayamba kudekha. Kokani mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6 kapena kupitirira. Zimagwira kwa Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera yemwe, monga mmene Panado amachitira.

Koma chenjezo langa ndi losiyana ndi la Bambo Phiri. Munthu amene anaona zoopsa akatsinzina n'kukhala chete yekhayekha, nthawi zina zithunzi za tsiku lija zimabwera mwamphamvu kuposa kale. Zikamatero musadzikakamize. Tsegulani maso, pondani pansi, tchulani zinthu zimene mukuziona m'nyumbamo. Ndipo pitani ku Queens mukafunse kiliniki ya matenda a maganizo. Kwa ena pagulu pano, zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena makiliniko ofisa a ntchito imeneyi, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Si onse opita kumeneko amene amatumizidwa ku Zomba, ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Nagama: Sisitala, zimenezo za zithunzi n'zoona. Tsiku lachiwiri nditatsinzina ndinaona chitenje cha mng'ono wanga mmene tinachipezera m'matope. Ndinaganiza kuti mwina ndi satana uja akunena apongozi.

Namwino Nankhoma: Ayi mayi, ndi bala limene silinapole. Mukalikhudza limapweteka.

Mayi wa Legio (Likuni): Ine zandidabwitsa kuti tikukangana ngati kukhala chete pamaso pa Mulungu kwabwera ndi foni. Ife Akatolika timakhala ola lathunthu pamaso pa Sakramenti osayankhula kanthu. Kolona nayenso, Tikuoneni Maria 50, chala chikuyenda pa mkanda, maganizo ali pa zinsinsi za moyo wa Ambuye. Amuna anga atamwalira, miyezi itatu yoyamba pemphero la mawu anga linkandikanika, ndikati ndiyambe ndinkangolira. Amayi a mumphakati wathu ankabwera madzulo, iwo n'kumayamba, ine n'kumangoyankha. Mawu oloweza amakunyamula pamene ako akuthera.

Ndipo poti Sisitala atchula St John of God, ambiri sadziwa mbiri ya mwini dzinalo. Yohane ameneyu, atamva ulaliki wa Yohane wa ku Avila mumzinda wa Granada ku Spain, anasokonezeka mpaka anthu anamutsekera m'chipinda cha odwala misala, kumene mankhwala ake anali zikoti ndi unyolo. Atatuluka anayamba kutola odwala m'misewu n'kumawasamalira mwaulemu, mpaka imfa yake mu 1550. Woyera wa Mpingo anagonapo m'wodi ya amisala. Ndiye manyazi tikuwatenga kuti?

Namwino Nankhoma: Mayi wa Legio mwandikumbutsa. Mu 2001 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa Luciano Bernardi wa ku Italy ndi anzake. Anapeza kuti anthu akamanena kolona m'Chilatini mosinthana, wina kuyamba ena kuyankha, kupuma kwawo kumatsika kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi, chimodzimodzi ndi amene amabwereza mawu a yoga. Anthu ake anali ochepa, 23 okha, ndiye tisachite kukokomeza. Koma zimaonetsa kuti agogo athu a m'mipingo akhala akugwira buleki ija osadziwa dzina lake.

Mayi wa Legio: Ife timathamanga nayetu kolona wa Chichewa, makamaka nsima ikakhala pamoto 😄 Ndikawauza amayi kuti tizichepetsa liwiro.

Che Jafali (Mangochi): Mtendere ukhale nanu nonse. Mayi Nagama, Allah akupatseni kupirira. Kwathu timati dhikiri, kumukumbukira Mulungu potchula dzina lake mobwerezabwereza. Tikatha Swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, timawerenga pa mikanda ya tasibihi kapena pa mfundo za zala, ka 33 katatu. Qur'an pa 13:28 imanena kuti mitima imakhazikika pokumbukira Allah. Achikulire a gulu la Kadiriya kuno kunyanja amachita sikiri, dhikiri ya pagulu, pamaliro ndi pa ziyala, ataima bwalo, mpweya ukutuluka pamodzi ngati munthu mmodzi. Pakati pathu Asilamu palinso mkangano womwewu, ena amati sikiri ndi zowonjezera, ndiye Bambo Phiri musadzione nokha, anzanu tili nawo kumzikiti.

Chimene ndimaona ine n'chakuti Swala zisanu zimadula tsiku m'zidutswa. Nkhawa ikakugwira m'mawa, sungayende nayo mpaka usiku osaitula, pakuti masana uyenera kusamba m'manja ndi kumaso ndi madzi ozizira, kuima, kuwerama, kugunditsa mphumi pansi. Koma pali hadisi, nkhani ya moyo wa Mtumiki Muhammad, ya munthu amene anamufunsa ngati amange ngamira yake kapena angoisiya n'kudalira Mulungu. Anamuuza kuti aimange, kenako adalire Mulungu. Kupita ku Queens ndiko kumanga ngamira.

A Gondwe (Rumphi): Monire mose. Ine ndiponyepo mwala wina. Mukukamba za mipingo ndi mizikiti ngati makolo athu analibe njira. Kwathu mayi akamaonda, osadya, osagona, kumangolira mwamuna atapita ku migodi zaka osalemba kalata, ankati ali ndi vimbuza. Ng'oma zinkalira usiku, amayi ndi ana atazungulira akuimba ndi kuomba m'manja, wodwala n'kuvina mpaka thukuta. M'nyimbomo ankatha kunena zimene sakanayerekeza kunena masana, za apongozi ankhanza, za mitala. Amishoni anazidana nazo kwambiri, koma mu 2005 a UNESCO anaika vimbuza pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, chaka chomwecho ndi Gule Wamkulu. Azakhali anga anavinapo ndili mwana, ndipo Lamlungu ankavala yunifomu ya Umanyano. Sindikuti mayi Nagama akavine. Ndikungoti wodwala sankasiyidwa yekha ndi foni m'chipinda.

Bambo Phiri: A Gondwe, apa ndiye mwatitengera kutali. Mizimu ija ndi chiyani?

A Gondwe: Funso limenelo tikakumane nalo pa gulu lina bambo, lingatichezetse mpaka Khirisimasi.

Admin: Tiyeni tibwerere kwa mayi Nagama chonde. Amene watumiza nambala ya "dokotala wa zitsamba wochokera ku Tanzania" ndachotsa uthenga wake, akabwereza atuluka.

Naphiri (Mbare, Harare): Chichewa changa n'chophunzira kwa agogo amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza, mundikhululukire pokhota. Mawu a a Gondwe akuti wodwala asakhale yekha andikhudza. Kuno Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench kuno ku Mbare komwe. Ndi benchi chabe ya matabwa pabwalo la kiliniki, pamene pamakhala agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera. Umapita maulendo ngati 6. Sakuuza chochita, amakuthandiza kusankha vuto limodzi pa mulu wa mavuto ako, n'kuganizira limodzi poyambira. Atafufuza n'kusindikiza zotsatira mu 2016, anapeza kuti amene anakhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Mayi anga anapitako. Agogo awo a pa benchi anali a Methodist, ndipo mayi akapempha ankapemphera nawo, koma atamvetsera kaye nkhani yonse. Kutchalitchi kwathu zimatembenuka: usanamalize chiganizo, wina wakugwira kale pamutu.

Anambewe: Naphiri mwalasa. Ine ndinasiya kuuza anthu a ku felosipi chifukwa ndikangoti "ndatopa ndi moyo," yankho linali "kana zimenezo m'dzina la Yesu." Ndinkabwerera kunyumba ndi katundu wanga yemwe uja, kuwonjezapo manyazi.

Abusa opuma (Nkhoma): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, maso ndi okalamba ndipo ndimalemba ndi chala chimodzi. Ndatumikira zaka zoposa 30 ndipo ndivomere kuti pa unyamata wanga ndinauzapo anthu ovutika chonchi kuti alape. Ndinkalakwitsa.

Mayi Nagama, werengani 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri amene anali atangoitanitsa moto kuchokera kumwamba pa Karimeli, anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Mngelo atabwera sanamudzudzule, sanamuuze kuti asale. Anamupatsa mkate ndi madzi. Eliya anadya nagonanso. Mngelo anamudzutsa kachiwiri kuti adyenso, pakuti ulendo unali wautali. Atafika ku Horebu kunadza mphepo yong'amba mapiri ndi kuphwanya matanthwe, koma Yehova sanali m'mphepomo. Kunadza chivomezi, kunadza moto, sanali momwemo. Pambuyo pake kunamveka kamawu kayaziyazi.

A Phiri, mbale wanga, nkhawa yanu ndikuimva ndipo si yopanda pake. Nanenso sindingauze nkhosa kuti izibwereza mawu a chinenero chimene sikuchidziwa. Koma mpweya umene mayiyu akuumvetsera anauuzira m'mphuno mwa munthu ndani? Ngati mawu a mzungu wa pafoni akuvutitsa nyumba, azimitse foniyo. Atenge mzere umodzi wa Salimo, theka pokoka mpweya, theka potulutsa. Akhristu a kum'mawa akhala akupemphera motero dzina la Yesu kwa zaka mazanamazana. Ndipo Salimo 88 muliwerengenso, limathera mumdima, lopanda aleluya kumapeto, koma analisiya m'Baibulo.

Nagama: Abusa, ndawerenga ndipo ndalira. Ku kampu kuja tinkagona m'kalasi, anthu ankanena zambiri. Ena ankati ndi Napolo wadutsa ngati ku Phalombe mu 1991, ena ankati Mulungu walanga Chilobwe chifukwa cha machimo. Mlaliki wina anachita kunena pa chimkuzamawu. Ine chaka chonse ndakhala ndikudzifunsa kuti mwana wa zaka zinayi anachimwa chiyani. Ndiye kumva kuti mphepo inang'amba phiri koma Yehova sanali m'mphepomo... sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Palibe anandiwerengerapo pamenepo.

Bambo Phiri: Abusa, mwandiposa msinkhu ndi nzeru, sinditsutsa. Za Salimo ndi mpweya ndavomera. Za kuchipatala sindinaletsepo, ine ndemwe ndimamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse. Koma kapulogalamu kaja ndiye ayi, maganizo anga sanasinthe. Ndipo mayi Nagama, mlaliki wa chimkuzamawu uja analankhula zake, osati za Mulungu.

Mfana wa ku Joni: Lero lokha ndagwirizana ndi Bambo Phiri, wina ajambule.

Namwino Nankhoma: Chimodzi chomaliza kwa onse, chifukwa pagulu pano tilipo ambiri ndipo owerenga mwakachetechete ndi ochuluka. Munthu akanena kuti akufuna kufa, monga ananenera Eliya, musamuseke, musamuopseze ndi gehena, ndipo musamusiye yekha. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa ganizolo. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo amene mwapatsidwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, dziwani kuti amatenga masabata angapo asanayambe kuoneka ntchito yake. Musawataye pa sabata yoyamba, musawasiyenso mwadzidzidzi popanda kuuza amene anakulemberani.

Nagama: Ndabweranso abale, papita masiku 9. Lachiwiri ndinapita ku Queens. Mzere unali wautali, ndinafika 7 koloko n'kuonedwa cha m'ma 11, koma amene anandiona anandimvetsera mpaka kumapeto ndipo andipatsa tsiku lobwereranso. Kusala ndaimika.

Usiku wathawu kunagwa chizimalupsa. Itangoti pha pha pa malata ndinadzambatuka, mtima uli m'khosi, dzanja lili kale pa nsapato za ana. Ndinakhala pansi pakhomo la chipinda chawo, maso otsegula monga ananenera Sisitala, nyali yoyaka. Pokoka mpweya "Yehova ndiye mbusa wanga," potulutsa "sindidzasowa." Sindinama kuti mantha anatha, ndinanjenjemera mpaka mvula inakata. Koma ana sindinawadzutse, koyamba chichitikireni zija. Apongozi anamva ndikunong'ona, anatuluka ndi chitenje chawo n'kukhala pambali panga. Anayamba nyimbo ya m'buku chapansipansi, ine ndikupuma, iwo akuimba, mpaka cha m'ma 2.

Mayi wa Legio: Ambuye alemekezeke. Apongoziwo muwagulire shuga.

Che Jafali: Alhamdulillah. Tsiku lobwerera kuchipatala lija musaliphonye, mvula yeniyeni ikubwera mu Disembala.

Bambo Phiri: Tathokoza Mulungu. Nanga kapulogalamu kaja munafufuta?

Nagama: Bambo Phiri, kanafufutika kokha. Masiku aulere anatha, kakufuna ndilipire m'mapaundi.